Mmene mungaonerere mpikisano wa galimoto pa bwalo la dothi ku Knoxville, Iowa

Munthu amene akukhala m'madera a pakati pa America, nyengo yotentha ikafika sachedwa kuitanidwa ndi anzake a kuntchito kapena a kutchalitchi kuti apite nawo ku chionetsero cha zaulimi cha m'boma lawo. Dera la Iowa lokha lili ndi maboma ang'onoang'ono 99, ndipo pafupifupi lililonse limakhala ndi sabata yake ya chionetsero. Masana ana a m'magulu a achinyamata ophunzira zaulimi otchedwa 4-H ndi FFA amaonetsa ng'ombe, nkhumba ndi nkhosa zimene aweta chaka chonse, koma dzuwa likapendeka, m'maboma ambiri khamu lonse limasamukira ku bwalo la dothi limene lili m'kati mwa malo omwewo. Mabwalo amenewa anamangidwira mahatchi, n'chifukwa chake ambiri ndi a theka la mailo, ndipo galimoto zinangobwera kudzalanda malo.

Anthu ambiri amene apitako koyamba amabwerako akunena kuti aona fumbi, amva phokoso, basi. Sindiwadzudzula, chifukwa palibe anawauza poyang'ana. Iwo amatsatira ndi maso galimoto imene ili patsogolo, pamene mpikisano weniweni uli m'dothi, limene limasintha kuyambira madzulo mpaka usiku. Malangizo awa ndawatengera pa Knoxville Raceway, bwalo limene lili pa malo a chionetsero cha boma la Marion, makilomita pafupifupi 65 kuchokera mumzinda wa Des Moines. Zambiri mwa izi zimagwiranso ntchito pa mabwalo ena a mtundu womwewu, monga la ku Oskaloosa kapena la ku Spencer kumene kumachitikira chionetsero cha boma la Clay.

Choyamba: sankhani usiku woyenera

Ku Knoxville galimoto zinapikisana koyamba mu 1901, ndipo mipikisano ya sabata ndi sabata inayamba mu 1954. Bwaloli limayendetsedwa ndi bungwe la chionetsero la Marion County Fair Association. Nyengo ya mipikisano imayamba mu Epulo n'kufika cha mu Sepitembala, makamaka Loweruka usiku, ndipo chionetsero cha zaulimi chimachitika mu Julayi.

Dzina limene mudzamve kawirikawiri ndi Knoxville Nationals, mpikisano waukulu umene Marion Robinson anauyambitsa mu 1961 ndipo woyamba kupambana anali Roy Robbins. Umachitika mu Ogasiti, masiku 4, kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka. Kumabwera galimoto pafupifupi 100, ndipo tauni ya anthu pafupifupi 7,500 imalandira alendo ochuluka kuposa eni mudzi. Steve Kinser anapambana mpikisanowu ka 12, Donny Schatz ka 11, ndipo Kyle Larson, amene ambiri amamudziwira ku NASCAR, mipikisano ikuluikulu ya galimoto ya ku America imene kawirikawiri imachitikira pa mabwalo a tala, anapambana mu 2021, 2023 ndi 2024.

Langizo langa n'lakuti musayambire pamenepo. Malo ogona amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane, matikiti amakwera, ndipo ndondomeko yake ya mapointi imasokoneza mlendo. Yambani ndi Loweruka wamba, ndipo ngati mungathe, la m'sabata ya chionetsero, kuti masana muyambe mwayendera makola a ziweto. Loweruka wamba mumasankha nokha pokhala, mumatha kusamuka, ndipo munthu amene mwakhala naye pafupi amakhala ndi mpata wokufotokozerani.

Tsikulo likafika, onani zanyengo musananyamuke. Mvula ya mabingu ya ku Iowa imabwera mwadzidzidzi, ndipo pa dothi lonyowa kwambiri sapikisana. Mpikisano ukaimitsidwa amalengeza pa tsamba la bwalolo ndi pa Facebook. Tikiti yanu musataye mpaka mutafika kunyumba, chifukwa mvula ikadula mpikisano pakati, mabwalo ambiri amailandiranso tsiku lina.

Chachiwiri: zonyamula

Zotseka m'makutu zikhale zoyamba kulowa m'chikwama. Galimoto 24 zikamadutsa pamodzi, phokoso lake mumalimva m'chifuwa, ndipo makutu osatetezedwa amalira mpaka mawa lake. Ana aang'ono agulireni zophimba khutu lonse, chifukwa timasiponji tolowetsa m'kati timawagwa.

Tengani magalasi oyera otchinga maso, aja amavala owotcherera akamapala zitsulo. Magalasi a dzuwa amathandiza madzulo okha, mdima ukagwa simudzaona nawo kanthu, pamene fumbi limachuluka usikuwo. Ovala magalasi omata pa diso, tsiku limenelo valani a mafelemu.

Zovala zikhale zimene simudzadandaula nazo zikada, ndi nsapato zotseka. Mu Julayi kumatentha kupitirira madigiri 30, ndi chinyezi chothimbirira, ndipo dzuwa limalowa nthawi itapitirira 8 koloko, choncho chipewa ndi madzi akumwa n'zofunika. Mipando yambiri ndi mabenchi olimba, ndiye kansalu kopinda kapena kapilo kamakupulumutsani msana. Funsiranitu ngati amalola kulowa ndi chakudya chanu. Ngati salola, musadandaule: Iowa ndi kwawo kwa chimanga ndi nkhumba, ndipo nyama ya nkhumba yosasantha n'kukazinga, imene imatuluka kunja kwa banzi mbali zonse, ndi yoti mulaweko.

Chachitatu: fikani msanga, khalani pamwamba

Fikani ola lathunthu galimoto zisanayambe kulowa. Ngati mwafika masana, pitani ku National Sprint Car Hall of Fame and Museum, nyumba yosungira mbiri ya masewerawa imene ili kuseri kwa kona yachiwiri ya bwalo ndipo inatsegulidwa mu 1992. Mmenemo mumaiona galimoto itaima, n'kuizungulira, zimene zimathandiza kwambiri ikayamba kudutsa pamaso panu ngati mphezi.

Mlendo amathamangira mpando wa pansi, pafupi ndi mpanda, poganiza kuti ndi pabwino. Pamenepo mumangoona kachigawo ka bwalo, ndipo zibuluma za dothi zonse zimathera pa inu. Kwerani pamwamba kufikira pamene mukuona makona onse 4 osaimirira. Galimoto zimazungulira chakumanzere nthawi zonse, ndipo makona amawerengedwa kuyambira pa yoyamba imene zimafika zikadutsa pa mzere woyambira. Ine ndimakonda kukhala chakufupi ndi kona yoyamba, chifukwa m'pamene dalaivala amasankha njira ali pa liwiro lake lonse. Yang'ananinso mbendera za pa mitengo kuti mudziwe kolowera mphepo, popeza fumbi lidzatsata komweko.

Mpikisano usanayambe amaimba nyimbo ya fuko lawo, nthawi zambiri pamakhalanso pemphero. Imirirani, vulani chipewa.

Chachinayi: idziweni galimoto yake

Galimoto ya ku Knoxville imatchedwa sprint car. Ndi kachimango ka mapaipi a chitsulo, mpando umodzi pakati, injini kutsogolo, thanki ya mafuta kumbuyo, matayala ali poyera, ndi phiko lalikulu padenga. Gulu lalikulu limatchedwa 410, kutengera kukula kwa injini m'miyeso ya ku America, kumene ndi malita pafupifupi 6.7. Injiniyi imatulutsa horsepower pafupifupi 900, kuposa ka 10 mphamvu ya Toyota Vitz ya lita imodzi, pamene galimoto yonse, dalaivala ali momwemo, imalemera makilogalamu pafupifupi 650 okha. Palinso gulu la 360 ndi lina la injini zocheperapo kumene ambiri amaphunzirira. Bwalo la mamita pafupifupi 800 amalizungulira m'masekondi 15 kapena 16 dothi likakhala labwino.

Pali zinthu zitatu zimene mukazidziwa, zimene mukuona zimayamba kumveka.

Galimotoyi ilibe sitata, ilibe kilachi, ilibe giya bokosi ngati ya galimoto za mumsewu. Zonsezo anazichotsa kuti ipepuke. Injini imalumikizidwa ku matayala a kumbuyo mwachindunji, ndiye kuti ilire pamafunika pikapu yoikankha kumbuyo. Mukaona mapikapu atandandalikana m'kati mwa bwalo, ntchito yawo ndi imeneyo. Tanthauzo lake pa mpikisano n'lakuti dalaivala akazungulira n'kuima, injini yazima, ndipo sangachoke yekha.

Matayala a kumbuyo si ofanana. La kumanja ndi lalikulu kuposa la kumanzere, ndipo kusiyana kwa kuzungulira kwake kumatha kupitirira masentimita 25. Gonekani ndowa pansi muigubuduze: siyenda molunjika, imakhotera kumene kuli tako lake laling'ono. Galimotoyi ili chimodzimodzi, imafuna kukhotera kumanzere yokha. Kusiyanaku amakutcha stagger, ndipo amakaniko amakuwonjezera kapena kukuchepetsa malinga ndi mmene dothi lilili. Mukaona munthu akuzunguliza tepi pa tayala, akuyeza zimenezo.

Phiko la padenga limagwira ntchito mosemphana ndi la ndege: mphepo imalikanikizira pansi kuti matayala agwire dothi. Dalaivala amatha kulisunthira kutsogolo kapena kumbuyo ali pa liwiro. Bwalo likayamba kuterera, mudzaona mapiko ambiri atabwerera kumbuyo kuti kulemera kupite pa matayala okankha. Limathandizanso pa ngozi, chifukwa galimoto ikagubuduzika phikolo ndi limene limayamba kuphwanyika n'kuchepetsa mphamvu ya kugundako.

Mafuta ake si petulo koma methanol. Utsi wake umanunkhira motsekemera pang'ono ndipo umalasa m'maso.

Chachisanu: tsatirani ndondomeko ya usikuwo

Gulani kapepala ka mayina ndi manambala, kapena lembani pa foni manambala atatu okha amene muziwatsata usiku wonse. Kuyesa kutsata onse ndi kumene kumasokoneza.

Usiku umayamba ndi hot laps, pamene galimoto zimalowa m'timagulu kukayesa bwalo maulendo ochepa. Kenako ndi time trials: aliyense amathamanga polimbana ndi wotchi. Apa mwayi umalowererapo, chifukwa amachita maere a nthawi yotulukira, ndipo amene watuluka mochedwa nthawi zambiri amapeza dothi litayamba kuuma.

Ikatero imabwera mipikisano yaifupi yotchedwa heat, galimoto 8 kapena 10 pa ulendo umodzi. Musadabwe kuona amene anathamanga kwambiri pa wotchi akuyambira kumbuyo. Amawatembenuza dala kuti pakhale kupitirirana, ndipo pa Knoxville Nationals amatembenuza galimoto 8 zoyambirira. Amene amaliza m'malo apamwamba amalowa mu mpikisano womaliza, A-Main. Otsala amapatsidwa mpata wina mu B-Main, kumene ochepa okha oyambirira ndi amene amapitirira, ndipo amakayambira kumchira. B-Main musaipeputse n'kupita kukagula chakudya. Muli anthu amene ayenda mtunda wautali, awononga ndalama pa matayala ndi mafuta, ndipo malo amodzi okha ndi amene akusiyanitsa kupikisana ndi kupakira katundu. Kulimbirana malo otsiriza olowera nthawi zina kumaposa A-Main yeniyeniyo. Pa Loweruka la Nationals zilembozi zimayambira pa E, ndipo pamakhala madalaivala amene amakwera kuchokera pa chilembo china kupita pa china usiku umodzi.

A-Main ya Loweruka wamba ndi yaifupi, maulendo 20 kapena 25, pamene ya Nationals ndi maulendo 50 kuyambira mu 2010. Gulu la World of Outlaws, la madalaivala a sprint car oyendayenda kukapikisana pa mabwalo osiyanasiyana, limene Ted Johnson analiyambitsa mu 1978, likabwera, galimoto zimayamba zazungulira pang'onopang'ono zitafola zinayizinayi popereka moni kwa oonerera. Anthu onse amaimirira n'kumakupiza zipewa. Imirirani nawo.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani dothi

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike.

Dothi la ku Knoxville ndi lakuda, lomata. Amene analimapo m'makande alizindikira msanga: likanyowa limakakamira ku khasu, likauma limalimba ngati mwala. Masiku angapo mpikisano usanachitike, osamalira bwalo amalitipula ndi thirakitala, kulithira madzi ndi galimoto ya thanki, kulisalaza ndi giredala, n'kulitsendera. Akachulutsa madzi, bwalo limakumbika maenje ndipo limakhala ndi njira imodzi yothamanga. Akachepetsa, fumbi limabuka dzuwa lisanalowe. Ntchito yawo ndi kulosera mmene dothilo lidzakhalire maola anayi kutsogolo, poona dzuwa, mphepo ndi kuchuluka kwa galimoto, ndipo oonerera akale amakambirana za iwo mofanana ndi mmene amakambira za madalaivala.

Pa hot laps yang'anani mtundu wa dothi. Likakhala lakuda bii, losanyezimira, matayala akuponya zibuluma zonyowa, ndiye kuti likugwira. Iwo amati ndi tacky. Nthawi imeneyi mphamvu ya injini ndi imene ikulamulira, ambiri sachotsa phazi pa moto ngakhale pa kona, ndipo kupitirirana kumavuta chifukwa aliyense akuthamanga.

Tsopano onani kumene zibulumazo zikugwera. Galimoto iliyonse ikamakhota chammbali, tayala la kumbuyo la kumanja limapala dothi n'kuliponyera kumtunda, chakumpanda. Pang'onopang'ono limaunjikana n'kupanga mzere wotukuka kuzungulira kona yonse, ngati mzere wa mbatata. Umenewu ndi cushion. Dalaivala wolimba mtima amatsamiritsa tayala lake la kumanja pa mzerewo, ndipo umamugwira n'kumukankhira kutsogolo. Njira imeneyi ndi yaitali, koma galimoto sitaya liwiro. Vuto lake n'lakuti mzerewo sukhala malo amodzi. Usiku ukamapita umakankhidwira kumtunda, mpaka nthawi zina umakafika pa mpanda penipeni, ndipo umakhala ndi mapiri ndi zigwa. Tayala likaukwera m'malo moutsamira, galimoto imadumphira m'dothi lofewa la kuseri kwake kapena kugunda mpanda. Mukaona dalaivala akuyenda pa cushion imene yatsala pang'ono kukhudza mpanda, maulendo 20 osalakwitsa, dziwani kuti mukuona luso lenileni.

Pansi, m'mphepete mwa m'kati, muli kamtumbira kena kamene amakatcha berm, ndipo m'mbali mwake chinyezi chimakhalitsa. Njira ya pansiyi ndi yaifupi, koma imafuna kuleza mtima: kuchepetsa liwiro polowa, kugwiritsa tayala la kumanzere pa kamzere konyowa kamene mwina n'kopapatiza ngati mphasa, kenako kuponda moto mwaulemu potuluka. Akaphonya kamzereko ndi phazi limodzi, galimoto imatsetserekera pakati.

Pakatipo ndi pamene pamayamba kuuma. Mudzaona pakusintha mtundu, kenako pakuyamba kunyezimira ndi magetsi ngati pansi pa nyumba yozira bwino. Pamenepo paterera, ndipo horsepower 900 ija imasanduka mdani, chifukwa woponda moto mwaukali amangozunguza matayala pamalo amodzi. Amene anayendetsapo galimoto pa msewu wa dothi mvula yoyamba itangowaza akudziwa kuti phazi lopepuka ndi limene limakutulutsa. Tcherani khutu ngakhale mwatseka m'makutu: pa bwalo loterera mumamva injini ikukwera ndi kutsika pamene dalaivala akufunafuna pogwira. Kwa ine, bwalo labwino ndi lotere, loterera pakati, cushion kumtunda, chinyezi pansi, chifukwa pamakhala njira ziwiri zofanana mphamvu, ndipo galimoto ya ndalama zochepa imatha kugonjetsa ya ndalama zambiri.

Ndi pa bwalo lotere pamene mudzaone slide job. Wotsatira amalowa m'kona chapansi pa liwiro loposa limene njira ya pansi ingalole, n'kulola galimoto kutsetsereka chopingasa kudutsa kutsogolo kwa mnzake mpaka kukaima pa cushion, kumutsekera njira. Akawerengera bwino, wadutsa. Koma wodutsidwayo akaiona msanga, amachepetsa pang'ono, n'kukhotera pansi kuseri kwake, ndipo potuluka m'kona amakhala walandanso malo ake. Awiri odziwa amatha kubwezerana chotere makona angapo motsatizana. Akawerengera molakwa, matayala amakhudzana, ndipo matayala a poyera akakwerana galimoto imanyamuka. Khamu limadziwa kusiyanitsa slide job yoyera ndi yakuda, ndipo mudzamva ndi mmene likukuwira.

Nthawi zina bwalo likauma kwambiri limayamba kudya matayala, ndipo labala amamatirira pa dothi n'kupanga mzere wakuda wosanyezimira. Mzere umenewo umagwira ngati tala. Woyamba kuuzindikira amadutsa anzake mosavuta, koma onse akaudziwa amafola pamenepo ngati nyerere, kupitirirana kumatha, ndipo chotsala ndi kuona amene tayala lake lipirire mpaka kumapeto. Oonerera akale sakondwa nazo, koma mphindi zimene mmodzi wauona anzake asanauone ndi zokoma kuzitsata.

Choncho A-Main ikayamba, chitani izi. Maulendo awiri oyamba onerani onse. Kenako siyani wotsogola, yang'anani kona imodzi yokha kwa maulendo atatu, muone amene akutuluka mwamphamvu ndi njira imene akudzera. Kawirikawiri ndi wina amene ali pa nambala 6 kapena 8, amene wayesa njira imene ena aisiya. Wotsogola ali ndi vuto limene enawo alibe: galimotozi zilibe magalasi oonera kumbuyo, ndipo palibe womuuza pa wailesi kumene anzake akudzera, ndiye sadziwa kuti njira yake yatha mpaka wina atatulukira pambali pake. Akayamba kupeza galimoto za kumchira, mphepo yovundulidwa ndi mapiko awo imachepetsa kugwira kwa phiko lake, ndipo mtunda umene anatsogola nawo umatha msanga. Mipikisano yambiri imagamulidwa pamenepo.

Chachisanu ndi chiwiri: mbendera, ndi zochita pakagwa ngozi

Yobiriwira ndi yoyambira. Yachikasu ndi yoti onse achepetse liwiro, ndipo maulendo a nthawi imeneyo kawirikawiri sawerengedwa. Ikachoka, galimoto zimayambiranso zitaunjikana, choncho wotsogola amataya mtunda wake wonse. Yakuda ndi yotulutsa dalaivala mmodzi. Yoyera ikutanthauza kuti kwatsala ulendo umodzi, ndipo ya mabokosi akuda ndi oyera ndi yomaliza.

Yofiira ndi yoti onse aime, nthawi zambiri chifukwa galimoto yagubuduzika. Khalani pamalo panu, musathamangire ku mpanda, ndipo ana muwagwire. Moto wa methanol suoneka bwino, makamaka kukadali kowala, ndiye mukaona ozimitsa moto akuthira madzi pa dalaivala amene akuoneka ngati sakupsa, akudziwa chimene akuchita. Khamu limakhala chete mpaka munthuyo atatuluka, kenako limawomba m'manja. Masewerawa aphapo anthu, ndipo ambiri amene mwakhala nawo pa benchi amawadziwa madalaivala ndi mabanja awo. Musajambule munthu wovulala n'kumuika pa intaneti.

Chachisanu ndi chitatu: tsikirani kumene kuli amakaniko

Malo amene galimoto zimakonzedwera amatchedwa pit, ndipo ku Knoxville ali m'kati mwa bwalo. Kulowamo mpikisano uli m'kati kumafuna chiphaso chapadera, kusaina pepala lovomera kuti mukudziwa kuopsa kwake, ndi kutsatira malamulo a zaka za ana. Ulendo woyamba sindikulimbikitsani. Galimoto yopanda kilachi siima mosavuta, imatha kubwera injini itazima osamveka, ndipo mlendo sadziwa koyang'ana.

Dikirani mpikisano uthe. Mabwalo ambiri amatsegula zipata kuti aliyense alowe, ndipo madalaivala amaima pafupi ndi galimoto zawo, kusaina zipewa za ana ndi kucheza. Pemphani musanakhudze chilichonse, chifukwa mapaipi a utsi ndi mabuleki amakhala akadali a moto. Amene waphwanya galimoto mupatseni mpata. Amene akuoneka womasuka mufunseni funso limodzi lolunjika, monga chifukwa chimene anasiyira njira ya pansi n'kukwera kumtunda. Funso lotere amaliyankha mokondwa, nthawi zina mpaka kukusonyezani tayala. Malaya a manambala awo amene amagulitsa pa ngolo ndi gawo la ndalama zimene zimawayendetsa, ndiye ngati wina wakusangalatsani, mugulireni amodzi.

Ena mwa inu mudzatuluka mukufuna kuyendetsa. Musayambire pa sprint car, injini yake yokha ndi mtengo wa nyumba yaing'ono kwathu. Mabwalo ambiri a zionetsero ku Iowa amatsata malamulo a IMCA, bungwe limene linayamba mu 1915, ndipo lili ndi magulu otsika mtengo monga Sport Compact, wa galimoto zazing'ono za masilinda 4 zochokera mumsewu, ndi Hobby Stock. Werengani buku la malamulo musanagule chitsulo chilichonse, ndipo ndalama zoyamba zipite ku chimango choteteza dalaivala, mpando, malamba, chisoti ndi zovala zosagwira moto. Njira yabwino koposa ndi kudzipereka kaye kwa timu ina nyengo yathunthu, kupala matope ndi kunyamula matayala. Amene muli ku Malawi kapena ku Zambia mutha kuonera mipikisano ya Knoxville pa intaneti kudzera pa DIRTVision, pokumbukira kuti 7 koloko madzulo ku Iowa m'miyezi imeneyi ndi 2 koloko usiku kwanu.

Podutsa pa bwalo kupita ku pit, ngati oyang'anira alola, imani pang'ono pa dothilo. Pondani pakati pamene pamanyezimira, mumve mmene nsapato ikutererera. Yang'anani kumtunda muone msinkhu wa cushion, imene kuchokera pa benchi imaoneka ngati kamzere chabe. Kenako tolani kachibuluma ka m'mphepete mwa pansi, mukafinye m'manja, muone ngati chinyezi chimene wopambana amachisakasaka chinalipodi.